Kukametetsa ku babashopu: ndinene chiyani kwa wometa, ndipo ndiyang'ane chiyani?

Mlendo_Pampando

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Tsitsi langa ndi lopotana kwambiri komanso lolimba, ndipo ndikufuna kumametetsa kwa wometa weniweni, uja wogwira makina, sizasi ndi lumo. Pali zitatu zimene ndikufuna kumvetsa. Manambala amene ometa amafunsa aja amatanthauza kutalika kotani kwenikweni, ndipo bwanji nambala imodzimodziyo imatuluka mosiyana kwa ometa awiri? Nanga mzere wa pamphumi, n'chifukwa chiyani umakongola tsiku loyamba koma pakangopita masiku anayi kutsogolo kwake kumayamba kuda? Chomaliza ndi ziphuphu zotuluka pakhosi ndi kunkhongo munthu akameta ndi lumo. Kodi gwero lake ndi lumo losasamalidwa kapena pali china? Ndithandizeni kuti ndikakhala pampando ndidziwe chonena.

Mmisiri_wa_Makina

Achimwene, ndiyankha za manambala, zinazo anzanga awonjezera.

Nambala ndi kachipeso kapulasitiki kamene amaveka kumano a makina kuti manowo asafike pakhungu. Nambala ikakwera ndi imodzi, tsitsi lotsala limatalika ndi mamilimita pafupifupi atatu. Pa makina a Wahl, nambala 1 imasiya mamilimita 3, nambala 2 imasiya 6, nambala 3 imasiya 10, nambala 4 imasiya 13, mpaka nambala 8 imene imasiya 25. Palinso tizipeso tapakati: ka theka kamasiya mamilimita 1.5, ka 1 ndi theka kamasiya 4.5. Ziro ndi makina opanda kachipeso. Ziro si mpala ayi, imasiyabe tsitsi lochepa lomveka ukasisita ndi dzanja. Mpala weniweni umatuluka ndi lumo kapena makina ena osalaza.

Tsono chimene chimasiyanitsa ometa awiri pa nambala imodzi, chachikulu ndi kumene makina akulowera. Tsitsi lili ndi kumene limagonera. Pamwamba limagona cha kutsogolo kuchokera paja limazungulira chakumbuyo kwa mutu, m'mbali ndi kumbuyo limagona motsika. Makina akamayenda motsata kumene tsitsi lagonera, amaligoneka pansi n'kudula nsonga zokha, ndiye mutu umatsala wakuda. Akamayenda mokumana nalo, amalidzutsa n'kulidula pa muyezo weniweni wa kachipeso, ndiye khungu limayamba kuonekera. Pa tsitsi lopotana kusiyana kumeneku n'kwakukulu, moti nambala 1 yotsata tsitsi ikhoza kuoneka yakuda ngati nambala 2 yokumana nalo. Choncho osangonena kuti "wani". Nenani kuti "wani, motsata tsitsi" kapena "wani, mokumana ndi tsitsi". Mukangotchula nambala yokha, wometa adzasankha yekha njira imene anazolowera.

Chachiwiri ndi kachitsulo ka m'mbali mwa makina kamene wometa amakankha ndi chala chachikulu. Kakakwezedwa, mano oyenda amayandikira kunsonga ndipo makina amadula pafupi. Kakatsitsidwa, mano amabwerera m'mbuyo ndipo tsitsi limatsala lotalikirapo, pafupifupi theka la nambala. Nambala 1 yotseka (kachitsuloko katakwezedwa) ndi nambala 1 yotsegula (katatsitsidwa) sizofanana. Kuwonjezera apo, tizipeso ta Wahl, Andis ndi Oster timasiyanako pang'ono, ndipo kachipeso kakale kopindika mano kamasiya mizere. Ngati mwapita kwa wometa wachilendo, kutchula mamilimita kumathandiza kuposa nambala.

Tsitsi lopotana liyenera kupesedwa kaye makina asanalowe. Likakhala lofumbatana, kachipeso kamangodutsa pamwamba pa mfundo, malo ena kamadula, ena kamalumpha, ndipo mukakasamba kunyumba mumaona zigamba zazitali zikutuluka. Wometa wodziwa amapesa, amadula, amapesanso, amadulanso, ndipo paja tsitsi limazungulira amasintha njira ya makina kutsatira kuzungulirako. Pamalo pamenepo ndi pamene ambiri amaboola, chifukwa makina akapita njira imodzi, mbali ina ya kazungulire amayenda motsata tsitsi, mbali ina mokumana nalo, ndiye pamatsala kachigamba kowala ngati dazi.

Ngati mukufuna fade, kameteke kamene tsitsi limayamba lalifupi kwambiri pansi n'kumatalika pang'onopang'ono kukwera m'mwamba, nenani zinthu zitatu: pansi payambe ndi chiyani, khungu kapena ziro kapena theka; kusinthako kukafike pati, pamwamba pa khutu penipeni, pakati pa mbali ya mutu, kapena m'mwamba pafupi ndi pamene mutu umayamba kupindika; ndipo pamwamba patsale nambala yanji. Wometa amayamba ndi kuika mzere wapansi, kenako amakwera ndi makina otsegula pafupifupi mulifupi mwa chala chimodzi, kenako nambala 1, kenako 2, ndipo pomaliza amabwerera kufufuta mizere ya pakati ndi tizipeso ta theka tija, akugwiritsa ntchito ngodya ya makina ndi kuwatulutsa mokweza dzanja. Mzere wovuta kufufuta ndi wapansi uja. Akauika mwamphamvu ndi makina odulira mzere, umatsala ukuoneka ngakhale atalimbana nawo bwanji.

Langizo langa kwa munthu amene sakutsimikiza: yambani ndi nambala yokwererapo. Kutsitsa kumatenga mphindi ziwiri, koma tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi yokha pamwezi.

Malume_Sizasi

Zimene anena a Mmisiri n'zoona. Ine nditenge za mzere, chifukwa pamenepa ndi pamene anyamata ambiri akuwonongeka mphumi osadziwa.

Kuda kumene mukukuona pakatha masiku anayi ndi tsitsi lanu lomwe likumeranso pamalo pamene linametedwa. Zikutanthauza kuti mzere unadulidwa mkati mwa tsitsi, osati m'mphepete mwake. Tsitsi limakula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita patsiku, ndiye pakatha masiku atatu kapena anayi lafika milimita imodzi ndipo layamba kuoneka. Chimene chimakopa wometa kulowa mkati n'chakuti m'mphepete mwa mphumi tsitsi limakhala lopyapyala, lofewa, ndipo mzere wodulidwa pamenepo suoneka wakuthwa kwambiri. Akalowa mamilimita atatu kapena anayi, amapeza tsitsi lothithikana ndipo mzere umawala. Vuto limabwera ulendo wotsatira: wometa wina amatsata mzere wakale uja, amalowanso pang'ono kuti auwongole, ndipo pang'ono ndi pang'ono mphumi imakula.

Musanayambe, muuzeni momveka kuti atsate pamene tsitsi limayambira, asalowe mkati, makamaka m'ngodya ziwiri za mphumi. Wometa wabwino amayamba wapesera tsitsi kutsogolo ndi bulashi, amaika kachizindikiro pakati pa mphumi, kenako amapita kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono, ndipo amabwerera m'mbuyo kukuyang'anani kutsogolo kapena pagalasi asanapitirize. Inu mutu ukhale woongoka, osakweza nsidze ndiponso osakwinya mphumi, chifukwa khungu likakokeka mzere umadulidwa pokhota ndipo mukamasuka umapendekeka. Dziwaninso kuti anthu ambiri mbali ziwiri za mphumi sizifanana mwachibadwa. Wometa akalimbikira kuti zifanane ndendende, amadya mbali yabwinoyo kuti ilingane ndi yolowa. Kulola kusiyana kwa milimita imodzi kapena ziwiri kuli bwino kuposa kutaya tsitsi mbali zonse.

Ngati mzere unalowa kale, mankhwala ake ndi kupirira. Muuzeni wometa kuti asakhudze kutsogolo maulendo awiri kapena atatu, angofupikitsa tsitsi lomeralo kuti lilingane ndi linzake. Masabata oyamba sipaoneka bwino, koma palibe njira ina.

Kunkhongo nako sankhani nokha. Kudula mzere woongoka kapena wozungulira kumaoneka kwaudongo tsiku loyamba koma kumafulumira kusokonekera, chifukwa tsitsi lomera pansi pa mzere limaonekeratu. Kutsitsa pang'onopang'ono mpaka tsitsi lizimiririke pakhosi kumakhalitsa. Pomaliza pemphani kagalasi kam'manja muone kumbuyo ndi mbali zonse ziwiri musananyamuke, ndipo muone ngati tsitsi la kutsogolo kwa makutu lathera pa msinkhu umodzi. Osayerekeza ndi makutu okha chifukwa makutu a anthu ambiri sakhala pamzere umodzi.

Za kukonzekera ndinene mwachidule: pitani mutasambitsa mutu, tsitsi litauma, lopanda mafuta. Mafuta ndi fumbi zimamata mano a makina, zimawabunthitsa, ndipo makina amayamba kuzula m'malo modula. Chithunzi cha pafoni chimathandiza, bola chikhale cha munthu wa tsitsi longa lanu.

Namwino_Wapakhungu

Bambo, funso lanu lachitatu ndi lofunika kwambiri, chifukwa pali mavuto osiyana amene anthu amangowatcha ziphuphu onse.

Vuto lofala kwa amuna a tsitsi lopotana silichokera ku lumo lakuda. Ngakhale lezala yatsopano imalibweretsa. Lumo limadula tsitsi mopendeketsa n'kusiya nsonga yakuthwa. Tsitsi lowongoka limamera kulunjika kunja, koma lopotana limapinda n'kubaya khungu la pafupi, kapena limalephera kutuluka n'kumakulira mkati. Thupi limaliona ngati munga, ndiye pamatupa, pamayabwa, nthawi zina pamachita mafinya, ndipo pakapola pamatsala madontho akuda. Madokotala amalitcha pseudofolliculitis barbae. Zimene zimalikulitsa ndi zonse zodula tsitsi pansi pa khungu: kukoka khungu mwamphamvu pometa, kumeta mokumana ndi tsitsi, kubwereza pamalo amodzi kangapo, ndi malumo a malezala atatu kapena asanu amene amakoka tsitsi asanalidule. Ziphuphu zimenezi zimaoneka patapita tsiku limodzi, awiri kapena kuposerapo, nthawi zambiri pakhosi pamene tsitsi limamera mbali zosiyanasiyana.

Ngati ndinu wotere, njira yodalirika ndi kusiya tsitsi la theka la milimita mpaka milimita imodzi, ndiye kuti kumeta ndi makina m'malo mwa lumo. Ziphuphu zikakhala kuti zilipo kale, lekani kumeta pamalopo pafupifupi mwezi kuti tsitsi likule n'kudzitulutsa lokha. Osazula ndi zopanira, chifukwa lotsatira limamera mkati mwa bala.

Za kunkhongo zokha musazichedwetse. Kukatuluka tiziphuphu tolimba, toyabwa, tosachoka, tikhoza kukhala chiyambi cha matenda a khungu otchedwa acne keloidalis nuchae. Tikanyalanyazidwa timalumikizana n'kukhala chipsera chotukuka, ndipo pamenepo tsitsi silimeranso. Kumeta pafupi kwambiri kunkhongo ndi kukhuzika kwa kolala yolimba kumakulitsa vutoli. Lumo ndi makina odulira mzere zisafikepo, ndipo kaonaneni ndi dokotala wa khungu tidakali tating'ono.

Tsono pali zimene zimachokeradi ku zida. Chipere cha m'mutu chimayenda pa zipeso, mabulashi, tizipeso ta makina ndi matawulo, ndipo chimaoneka ngati chigamba chozungulira chotuwa, tsitsi litathothoka. Cha m'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha chifukwa chimalowa m'tsitsi momwe, chimafuna akumwa monga griseofulvin kapena terbinafine kwa masabata angapo, olembedwa ndi dokotala. Palinso tizilombo toyambitsa timatuza ta mafinya m'mizu ya tsitsi. Ndipo pamene patuluka magazi, nkhawa yaikulu ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo pa chitsulo masiku 7 kapena kuposa, ngakhale magazi atauma osaoneka ndi maso. Katemera wa hepatitis B alipo, ndipo ometa eni ake ayenera kumulandira.

Muli pamzere wodikira, yang'anani zimene wometa amachita munthu mmodzi akanyamuka. Ayenera kuyamba ndi kusesa tsitsi m'mano a makina ndi kabulashi, chifukwa mankhwala opopera pamwamba pa tsitsi ndi mafuta safika pa chitsulo. Kenako apopere mankhwala mpaka mano anyowe, n'kudikira. Spiriti wa maperesenti 70 amagwira bwino kuposa wopanda madzi konse, chifukwa sauma msanga, koma kungopopera n'kupukuta nthawi yomweyo sikupha kanthu. Zipeso, sizasi ndi tizipeso ta makina zimafuna kuviikidwa. Mankhwala ngati Barbicide amafuna mphindi 10, zidazo zitamira zonse. Lezala ikhale yatsopano, aitsegule inu mukuona, ndipo yakale itayidwe m'chotengera cholimba. Pakhosi payenera kuikidwa kapepala kapena tawulo loyera kuti nsalu yofundika ija isakhudze khungu. Mukatemeka, chotsekera magazi chikhale chogwiritsa ntchito kamodzi, osati mwala umodzi wopaka aliyense. Kupempha lezala yatsopano si chipongwe, ndipo wometa wosamala sakhumudwa nazo.

Mlendo_Pampando

Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Ndifunsenso pang'ono: ndiye kuti munthu wa tsitsi longa langa asamete ndevu ndi lumo mpang'ono pomwe? Nanga ndizibwerera kwa wometa pakapita nthawi yaitali bwanji?

Mmisiri_wa_Makina

Pa lumo sindingaletse aliyense kotheratu, achimwene. A Namwino anena zoona za chimene chimayambitsa ziphuphu, koma si amuna onse a tsitsi lopotana amene amazituluka, ndipo ambiri amatuluka pakhosi pokha pomwe masaya ali bwinobwino. Yesani masaya kaye, pakhosi pametedwe ndi makina, muone pakatha masiku atatu.

Kameteke koyenera ka lumo kali motere. Tawulo lofunda, lonyowa, limakhala pankhope mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ndevu zimwe madzi n'kufewa. Lifunde koma lisawotche, wometa aliyese padzanja lake kaye. Kenako thovu lonyowa bwino, ndipo likayamba kuuma pankhope awonjezere, chifukwa lumo loyenda pa thovu louma limakanda. Lumo limagona pafupifupi madigiri 30 kuchokera pakhungu. Likaimirira kwambiri limapala ndi kutema, likagona kwambiri limangotsetsereka n'kumakoka. Limayenda pang'onopang'ono, mtunda waufupi, mosakanikiza, motsata kumene ndevu zagonera. Wometa ayenera kuyamba wasisita ndevu ndi chala kuti adziwe kumene zikulowera, makamaka pansi pa chibwano pamene zina zimamera chokwera. Dzanja linalo limagwira khungu kuti likhale losalala, ndipo kwa inu muuzeni angogwira mopepuka, asakoke kwambiri. Ulendo umodzi wokha ndi wokwanira. Wachiwiri wokumana ndi ndevu ndi umene umapereka kusalala kwa tsiku limodzi ndi ziphuphu za masabata awiri. Pomaliza madzi ozizira kapena tawulo lozizira, kenako mafuta opepuka. Zopaka za spiriti wambiri zimaluma ndi kuumitsa khungu, kuluma kumeneko si umboni woti zikuchiritsa.

Ngati mukusunga ndevu, mzere wa pakhosi ukhale chala chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa kafupa kotulukira ka pakhosi, n'kupindikira kumakutu. Akaukweza mpaka pafupa la chibwano, nkhope imaoneka yonenepa pansi mukatsegula pakamwa kapena mukatembenuka.

Za nthawi, zimatengera mametedwe. Fade yoyambira pakhungu imayamba kutaya maonekedwe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa milimita ziwiri zomera pamalo amene panali khungu zimaoneka kwambiri. Nambala imodzi mutu wonse imapirira masabata awiri kapena atatu. Tsitsi lalitali lodulidwa ndi sizasi limafika mwezi kapena kupitirira. Ngati khungu lanu silichedwa kutupa kapena kutuluka ziphuphu, osadulitsa mzere sabata iliyonse.

Malume_Sizasi

Ndiwonjezere zizindikiro zoti mumve ndi thupi lanu muli pampando, chifukwa ambiri amangopirira poganiza kuti kumeta n'kowawa mwachibadwa.

Makina akamazula, ndiye kuti mano abuntha, auma kapena adzaza tsitsi. Madontho awiri kapena atatu a mafuta a makina pamano, makina akuyenda, n'kupukuta otsala, nthawi zambiri amathetsa. Akamatentha pakhungu, ndi kukhuzana kwa zitsulo zouma kapena agwira ntchito nthawi yaitali osapuma. Nenani nthawi yomweyo, makamaka kuseri kwa makutu ndi pakhosi pamene khungu ndi lopyapyala. Makina odulira mzere akamasiya timizere tofiira kapena toluma, mano ake anaikidwa molakwika. Mano oyenda ayenera kukhala kumbuyo pang'ono kwa mano osayenda. Ometa ena amawayandikizitsa kuti mzere uthwe, ndipo akapitirira ngakhale pang'ono, kapena mbali imodzi ikapendekeka, amacheka khungu. Timabala timeneto ndi khomo la matenda amene a Namwino atchula aja, ngakhale lumo lisanakhudze mutu. Makina amenewa amangofunika kugunditsa mopepuka, osati kukanikiza ndi kukoka.

Kwa amene tsitsi layamba kupyapyala pamwamba, kulisiya lalitali kuti liphimbe kumaonetsa vutolo kwambiri, chifukwa m'mbali mumakhala mwakuda bii pomwe pamwamba pakuwala. Kufupikitsa m'mbali kuposa pamwamba kumachepetsa kusiyanako. Muuzeni wometa kuti pamalo opyapyala adutse motsata tsitsi, ndi nambala yokwererapo theka kuposa kwina, ndipo asayese kupanga mzere wakuthwa pa ngodya zimene zalowa kale.

Mukapeza mametedwe okukomerani, funsani wometa manambala amene wagwiritsa ntchito pansi, pakati ndi pamwamba, ngati makina anali otseka kapena otsegula, ndi njira imene amayendera. Lembani pafoni, ndipo jambulitsani kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo tsiku lomwelo musanagone, tsitsi lisanaphwanyike ndi pilo.